Fra Diavolo analikodi, koma sanali wa mufilimu uja

Achimwene, mwafunsa ngati Fra Diavolo wa mufilimu yakale ya chi Italy mwaonera ija anali munthu weniweni kapena ndi nthano chabe ngati ya Robin Hood. Munthuyo analikodi, dzina lake ndi Michele Pezza. Ndipo filimu mukunenayo, malinga ndi mmene mwaifotokozera, ndi Donne e briganti ya 1950, anaikonza ndi Mario Soldati ndipo wosewera ngati Pezza ndi Amedeo Nazzari, bambo wa tindevu tapamlomo uja, amene nthawi imeneyo ku Italy kunalibe mnzake pa mafilimu a malupanga ndi akavalo.

Pezza anabadwa 1771 ku Itri, tauni ya mmapiri pa msewu wakale wa Via Appia wochoka ku Rome kupita kummwera. Dzina lija nkhani yake imati ali mwana anadwala kwambiri ndiye mayi ake analumbira kwa Francesco di Paola woyera kuti akachira azimuveka mkanjo wa abulazala. Anachiradi. Ndiye taganizani kamwana kovala mkanjo wopemphelera koma kovuta kosamva zonena, anthu anangoti ameneyu si bulazala wamba, ndi bulazala mdyerekezi. Fra Diavolo tanthauzo lake ndi limenelo basi.

Apa mpamene filimu ndi mbiri zimasiyana njira. Asanakhale ngwazi mkuluyu anali atapha kale anthu pa mikangano yakwawo, nkuthawira kumapiri, ndipo usilikali anaulowa pofuna kuti milandu imuthere. Mwayi wake unali woti kumapeto kwa 1798 asilikali a France analowa mu ufumu wa Naples, mfumu Ferdinand IV nkuthawira ku Sicily, mu Januwale 1799 ku Naples nkukhazikitsa boma lopanda mfumu. Pezza anasonkhanitsa anyamata akumudzi odziwa phanga lililonse ndi kanjira kalikonse, nkumabisalira a French pokhota msewu pafupi ndi Itri, kuwombera, kulanda katundu, kusowa. A French pobwezera anapha anthu ambiri ku Itri komweko. Iyenso sanali wachifundo ayi, akaidi ogwidwa ndi gulu lake ankaona zakuda.

Chomwe anthu ambiri samachiganizira nchakuti iyeyu sankamenyera kuti amphawi alamulire. Ankamenyera mfumu ndi mpingo, mbali imodzi ndi gulu la Kadinala Fabrizio Ruffo lomwe linalandanso Naples mu Juni 1799, ndipo ophunzira ambiri amene ankafuna ufulu wa mtundu wa ku France ananyongedwa mfumu itabwerera. Ndiye za Robin Hood zija ine ndimazikayika, inde ankathamangitsa adani obwera, koma wopindula anali Ferdinand yemwe anamupatsa udindo wa colonel.

Mu 1806 Napoleon anatumizanso asilikali nkuika mchimwene wake Joseph Bonaparte pampando wa Naples, Pezza nkubwerera mtchire, ulendo uno akuthandizidwa ndi zombo za a British zotsogozedwa ndi mkulu wawo wa nkhondo ya panyanja Sidney Smith. Ndipo mudziwe, amene anapatsidwa ntchito yomusaka mmapirimo anali Joseph Léopold Hugo, bambo ake a Victor Hugo wolemba mabuku uja. Anamuthamangitsa masabata angapo, gulu lake likutha mmodzimmodzi mpaka anatsala yekha, wovulala, wanjala, nkugwidwa ku Baronissi pafupi ndi Salerno. Pa 11 Novembala 1806 anamunyonga pa Piazza del Mercato ku Naples ali ndi zaka 35. Kumupachika pachingwe kunali dala, msilikali amawomberedwa, chingwe nchambava, ndiye a French ankafuna aliyense aone kuti kwa iwo anali chigawenga chabe olo anali ndi udindo wochokera kwa mfumu.

Nanga bwanji filimu inamupaka mafuta chonchi? Onani chaka. 1950 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha zaka zisanu, anthu akukumbukirabe anyamata awo amene anabisala mmapiri kumenyana ndi a German pakati pa 1943 ndi 1945, omwenso adani ankawatcha zigawenga. Chaka chomwecho mu Julaye ndi pomwe Salvatore Giuliano, chigawenga chotchuka cha ku Sicily, anaphedwa ku Castelvetrano, manyuzipepala onse nkhani ndi yomweyo. Komanso munthu wotopa ndi umphawi akalipira tikiti sankafuna kukaonanso umphawi pa sikirini, ankafuna Nazzari atakwera kavalo, mkazi wokongola pambali, a French akugwa. Dzina la filimuyo palokha likutanthauza akazi ndi zigawenga, ndiye mwaona kale pomwe mtima wa okonza unali.

Kumusandutsa munthu wosangalatsa sanayambe ndi a Soldati. Daniel Auber anachita kale mu opera yake ya 1830 ku Paris, kenako Laurel ndi Hardy mu 1933 anamuika mu filimu yanthabwala. Ngati mwaikonda ya Nazzari, sakani Il brigante di Tacca del Lupo ya Pietro Germi ya 1952, mmenemo Nazzari yemweyo ali mbali inayo, ndi kaputeni wa boma amene akusaka zigawenga mmapiri a kummwera kwa Italy.