Msonkho wa pa boda: amalipira ndani maiko akakhala pa ubale?

Achimwene, mwafunsa m'mene malonda odutsa malire amayendera, komanso chifukwa chimene katundu amakwerera mtengo boma likaika msonkho, ngakhale maiko awiriwo akhale ogwirizana. Ndikuyankhani monga munthu amene ntchito yanga ndi yolowetsa katundu.

Ambiri amaganiza kuti msonkhowu umalipiridwa ndi dziko limene latumiza katundu. Si choncho. Wolipira ndi amene akulowetsa katunduyo, ndipo ndalamazo zimapita ku boma la kwawo komweko. Tiyerekeze kuti ndapikula katundu wa madola 1,000 ndipo msonkho wake ndi 25 peresenti. Ndiye kuti madola 250 atuluka m'thumba mwanga katundu asanachoke pa boda. M'maiko ambiri, mtengo umene amawerengerapo msonkho umaphatikiza thiransipoti ndi inshuwalansi, kenako VAT imabwera pamwamba pa zonsezo, msonkho uja uli momwemo. Ejenti wokonza mapepala nayenso akudikira yake. Zonsezi ndalipira ndisanagulitse kanthu, mpamba wamangika. Ndimanenerera kwa wondigulitsa kuti atsitseko, phindu langa ndimalidulako, koma zotsalazo, zomwe nthawi zambiri ndiye zochuluka, zimakagwera wogula womaliza.

Za ubale wa maiko, wa kasitomu safunsa ngati atsogoleri amadyera limodzi. Iye amafuna mapepala. Katundu aliyense ali ndi nambala yake mu ndondomeko ya HS, yogawa katundu m'magulu, imene imasungidwa ndi bungwe la pa dziko lonse la za kasitomu, World Customs Organization, ndipo nambalayo ndi imene imanena mlingo wa msonkho. Ngati maiko awiri ali ndi pangano la malonda, pamafunikanso umboni wakuti katunduyo anapangidwadi m'dziko la mnzakeyo, chifukwa kungodutsamo sikumusandutsa wa kumeneko. Mu pangano la USMCA la America, Canada ndi Mexico, lomwe linayamba pa 1 July 2020 m'malo mwa pangano lakale la NAFTA, anagwirizana kuti galimoto ilowe popanda msonkho pokhapokha 75 peresenti ya mtengo wake itachokera m'maiko atatuwo. Kale inali 62.5 peresenti.

Koma pangano silitseka makomo onse. America ndi Canada onse ali mu mgwirizano wa chitetezo wa NATO, ndipo malonda a pakati pawo ndi amodzi mwa aakulu kwambiri pa dziko lapansi. Komabe pa 1 June 2018 America inayamba kudula msonkho wa 25 peresenti pa chitsulo ndi 10 peresenti pa aluminiyamu wochokera ku Canada, ponena kuti ndi nkhani ya chitetezo cha dziko. Canada inabwezera pa 1 July chaka chomwecho, pa katundu wa ku America wa ndalama pafupifupi madola a ku Canada 16.6 biliyoni. Apa ndi pamene pamandiwawa ine. Pa mndandanda wobwezerawo panalibe zitsulo zokha, panalinso ketchup ndi whiskey. Woitanitsa ketchup analakwa chiyani pa nkhani ya chitsulo? Mkangano wa akuluakulu unamupeza oda ataika kale. Misonkhoyi inachotsedwa mu May 2019.

Mwina mukuti, bwanji osangogula zopangidwa m'dziko momwemo? Nazonso zimakwera. Wopanga wa m'dzikomo akaona kuti wopikisana naye wadula, sakhala pa mtengo wakale. Mu 2018 America inaika msonkho pa makina ochapira zovala, womwe unakhudza kwambiri Samsung ndi LG, makampani a ku South Korea, dziko linanso logwirizana nalo. Akatswiri a zachuma anapeza kuti mitengo ya makinawo inakwera ndi pafupifupi 12 peresenti, ndipo makina oumitsira zovala, omwe analibe msonkho, anakweranso chifukwa anthu amagula awiriwa pamodzi. Ntchito zina zinatsegukadi m'mafakitale a ku America, zimenezo sinditsutsa, ndipo ndimamvetsa boma likamafuna kuteteza antchito ake. Chimene ndimakana ndi kuuza anthu kuti alipira ndi alendo, pamene akulipira ndi iwo eni kusitolo.

Musakhulupirirenso kuti msonkho wa mkangano umatha mkangano ukatha. Mu 1964 America inaika 25 peresenti pa magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu, pobwezera msonkho umene maiko a ku Ulaya anaika pa nkhuku zake. Za nkhukuzo anthu anaiwala kalekale, koma msonkho wa magalimotowo ulipobe.

Kwa ife ochita malonda, msonkho wokwera koma wokhazikika ndi wopiririka, chifukwa umauwerengera mu mtengo usanaike oda. Choopsa ndi wosintha katundu ali m'njira, pakuti nthawi zambiri umalipira mlingo wa tsiku limene katundu akulowa, osati wa tsiku limene unagula. Ngati mukufuna kuyamba, musanatulutse ndalama pezani nambala ya HS ya katundu wanu, funsani ejenti wovomerezeka za mlingo wa msonkho, ndipo wokugulitsani akutsimikizireni kuti apereka setifiketi yosonyeza kumene katundu anapangidwa. Mulemberanenso za amene adzalipire msonkho. Pa invoisi pakalembedwa DDP, msonkho ndi wa wogulitsa. Pakalembedwa DAP, ndi wanu.