Tifunseni: Mwana wanga akuchita manyazi ndi Uchewa wake

Funso: Ndine mayi wokhala ku Chawama mu Lusaka, koma kwathu ndi ku Katete. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 anasiya kulankhula Chichewa chakwathu chifukwa anzake kusukulu amamuseka kuti ndi wakumudzi, ndipo tsopano akukana kupita nane ku Kulamba, mwambo wa Achewa wa chaka ndi chaka. Kodi kusekedwa chabe kungamusinthe munthu chonchi?

Yankho: Mayi, kungamusinthe ndithu. Katswiri wa filosofi wa ku Canada, Charles Taylor, analemba mu 1992 kuti munthu amadzidziwa kuti ndi ndani kudzera m'mene anzake amamuonera ndi kumulandirira, kotero kuti anthu amene chikhalidwe chawo chimanyozedwa nthawi zonse amafika pokhulupirira chitonzocho n'kumadziyesa achabechabe. Maganizowa anawamanga pa zimene anaphunzitsa Hegel wa ku Germany, ndipo sakusiyana kwenikweni ndi mwambi wa makolo wakuti kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Chodabwitsa n'chakuti Uchewa sukusowa ulemu kwa akuluakulu. Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenero 7 zimene boma la Zambia linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'masukulu ndi kumveka pa wailesi ya ZNBC, bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse, ndipo mwezi wa Ogasiti uliwonse mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amapita ku Mkaika, ku Katete, kukapereka ulemu kwa mfumu yawo yaikulu, Kalonga Gawa Undi, pa mwambo wa Kulamba. Asoli, amene ndi eni nthaka ya Lusaka yuno, chinenero chawo sichili n'komwe pa 7 zija. Komabe mtsikana wa zaka 14 alibe nazo ntchito za UNESCO. Chimene chimamulasa mtima ndi tsinya ndi kuseka kwa mnzake wokhala naye desiki imodzi, pamene iye wanena kuti "ndikupita" anzake onse akuti "niyenda".

Ndikupempheni kuti musamukakamize. Katswiri wina wa filosofi, Kwame Anthony Appiah, poyankha Taylor, anachenjeza kuti kulemekeza mtundu kungasanduke goli ngati eni mtunduwo ayamba kulamula mmene Mchewa kapena wina aliyense "weniweni" ayenera kukhalira. Mwana wanu anakulira mu Lusaka, ndipo Chinyanja cham'tauni nachonso ndi chake. Mulekeni azilankhula choncho kwa anzake, koma inu pakhomo pitirizani Chichewa chakwanu osamukonza pagulu, muzimupatsa foni acheze ndi agogo ake, ndipo za ku Mkaika mumuuze kuti akafuna atenge mnzake mmodzi, ngakhale yemwe amamusekayo.