Funsani Amisiri: Kulemba dalaivala wa hadi disiki

Mwezi uno talandira makalata kuchokera kuchigwa cha Shire, kwa achinyamata ndi aphunzitsi amene akudzipangira ka operating system kawokawo. Onse akakamira pamalo amodzi, polemba dalaivala, pulogalamu yothandiza kernel, mtima wa operating system, kuti ilankhulane ndi chip yoyang'anira hadi disiki.

FUNSO: Zikomo amisiri. Ndine wophunzira wa ku Nchalo. Ndalemba ka kernel kanga mu C, kamayaka bwinobwino mu QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta, ndipo kamalemba mawu pa sikirini. Koma ndikatumiza ku disiki lamulo la IDENTIFY, loifunsa dzina ndi kukula kwake, zonse zimangouma. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Achimwene, yambani mwadziwa chip imene mukulankhula nayo. QEMU mukaiyatsa osasintha kalikonse imayerekeza bolodi yakale ya Intel yokhala ndi chip ya PIIX3, ndipo mbali yake ya IDE, yolumikiza madisiki, imadziwika pa PCI, njira yolumikizira zipangizo pa bolodi, ndi nambala 8086:7010. Apa mwachita mwayi, chifukwa chip imeneyi imamva njira yakale ya ATA yosafuna zambiri. Maport ndi manambala amene kernel imalembapo kapena kuwerengapo polankhula ndi chip, ndipo mzere woyamba wa madisiki uli pa maport 0x1F0 mpaka 0x1F7 kuphatikizapo 0x3F6, wachiwiri uli pa 0x170 mpaka 0x177 kuphatikizapo 0x376. Mzere uliwonse umatha kunyamula madisiki awiri, master ndi slave.

Pa 0x1F0 ndi podutsa deta, mabit 16 ulendo umodzi. Pa 0x1F2 mumaikapo kuchuluka kwa masector, tizigawo timene disiki imasungamo deta, pa 0x1F3, 0x1F4 ndi 0x1F5 adiresi ya sector, ndipo pa 0x1F6 mumasankhapo disiki. Pa 0x1F7 ndiye pagona nkhani: mukalembapo ndiye kuti mwapereka lamulo, mukawerengapo disiki ikukuuzani mmene ilili, ndipo yankho limeneli ndiye status. Mabit anayi a pamenepa muwaloweze pamtima. BSY, 0x80, akutanthauza kuti disiki yatanganidwa. DRQ, 0x08, ndiye kuti yakonzeka kupereka kapena kulandira deta. ERR, 0x01, lamulo lakanika. DF, 0x20, disiki yeniyeniyo yavuta. BSY ikakhala yoyaka, mabit ena onsewo musawakhulupirire. Zili ngati kuchigayo: injini isanakhazikike komanso wogayitsa asanakodole, simuthira chimanga.

Kuumako kawirikawiri si vuto la chip ayi, ndi lupu yanu, gawo la pulogalamu lobwerezabwereza, imene ikudikira chinthu chosabwera. Pa bolodi yeniyeni, mzere wopanda disiki umatha kubweza 0xFF, ndipo popeza mu 0xFF mabit onse ndi oyaka, lupu yodikira kuti BSY izime siidzatha. Mu QEMU disiki imene palibe imabweza 0, ndiye amene akudikira DRQ angodikirabe. Chachitatu ndi CD-ROM, imene QEMU imaika yokha ngati master pa mzere wachiwiri. Imeneyi imakana IDENTIFY, imayatsa ERR, ndipo imasiya 0x14 ndi 0xEB m'maregister apakati ndi apamwamba a adiresi. Mukaona manambala awiriwa dziwani kuti ndi chipangizo cha ATAPI, ndipo lamulo lake ndi 0xA1.

Ndondomeko yake ikhale yotere. Lembani 0x02 pa 0x3F6 kuti disiki isatumize interrupt, chizindikiro choitanira kernel, popeza simunakonze wolandira IRQ 14, interrupt ya mzere woyamba. Werengani status, ngati ndi 0xFF usiyeni mzerewo. Lembani 0xA0 pa 0x1F6 posankha master, kapena 0xB0 posankha slave, kenaka ipatseni disiki ma nanosecond 400 kuti iyankhe. Njira yophweka ndi kuwerenga 0x3F6 kangapo, ambiri amawerenga kanayi, ena amapitirira. Ikani 0 pa 0x1F2 mpaka 0x1F5, ndipo tumizani 0xEC, nambala ya lamulo la IDENTIFY, pa 0x1F7. Status ikabwera 0, disiki palibe. Ikapanda kutero dikirani BSY izime, onani 0x1F4 ndi 0x1F5 ngati zikadali 0, kenaka dikirani DRQ kapena ERR, osati DRQ yokha. DRQ ikayaka werengani maword 256, a mabit 16 iliyonse, pa 0x1F0, onse ndithu, ngakhale mukufuna owerengeka okha. Mukasiya ena, disiki imakhalabe ikudikira kuti muwatenge ndipo lamulo lotsatira silingayende bwino.

Lupu iliyonse yodikira ikhale ndi malire a nthawi. Ichi timachinena kwa aliyense ndipo sititopa nacho. Malirewo asakhale afupi kwambiri, chifukwa disiki imene ikungodzuka kumene imatha kukhala pa BSY masekondi angapo mbale zake zisanayambe kuzungulira mokwanira. Masekondi 30 ndi malire abwino podzutsa, pomwe lamulo wamba lowerenga lingapatsidwe ocheperapo.

IDENTIFY ikatheka, kuwerenga sikuvutanso. Pa 0x1F6 ikani 0xE0 pamodzi ndi mabit anayi apamwamba a adiresi, ikani chiwerengero ndi mabyte atatu otsalawo, tumizani lamulo lowerenga, 0x20. Sector iliyonse ndi mabyte 512 ndipo iliyonse imafuna kudikiridwa payokha: BSY izime, DRQ iyake, maword 256, kenaka kudikiranso. Samalani ndi chiwerengero cha 0, chifukwa kwa disiki chimatanthauza masector 256. Poyesa, pangani fayilo ya disiki imene sector iliyonse mwalembamo nambala yake yomwe. Mukapempha sector 1000 n'kubwera nambala ina, mudziwiratu kuti mwasokoneza mabyte a adiresi.

FUNSO: Ndine mtsikana wa ku Chikwawa boma. IDENTIFY ikuyenda, koma dzina la disiki likutuluka loti "EQUMH RADDSI K". Komanso disiki ya 500 GB ikuoneka ngati ya 137 GB basi.

YANKHO: Achemwali, dalaivala wanu ali bwino, mwangotsala pang'ono. Dzina limakhala mu maword 27 mpaka 46, ndipo mu word iliyonse chilembo choyamba chimakhala mu byte yapamwamba. Sinthanitsani zilembozo ziwiriziwiri ndipo mupeza "QEMU HARDDISK".

Za kukula kwa disiki, mwawerenga maword 60 ndi 61, amene ndi a adiresi ya mabit 28. Adiresi yotere imathera pa masector pafupifupi 268 miliyoni, ndipo mukachulukitsa ndi 512 mupeza 137 GB yanuyo. Onani bit 10 ya word 83. Ikakhala yoyaka, disikiyo imamva adiresi ya mabit 48 ndipo kukula kwake kwenikweni kuli mu maword 100 mpaka 103. Powerenga, ikani 0x40 pa 0x1F6, ndipo maregister a chiwerengero ndi adiresi muwalembe kawiri, mabyte apamwamba poyamba, apansi pambuyo. Lamulo lowerenga ndi 0x24, lolemba ndi 0x34. Manambalawa muwasunge mu variable ya mabit 64, apo ayi adukira panjira.

FUNSO: Ndimakonza makompyuta ku Bangula. Dalaivala wanga amalemba bwino ndipo disiki imavomera, koma magetsi akazima mwadzidzidzi zimene ndinalemba kumapeto sizipezeka. Komanso nthawi yotentha ERR amabwera pafupipafupi. Kodi ndi kulemba kwanga kapena disiki yatha?

YANKHO: Bambo, apa pali nkhani ziwiri ndipo yoyambayo ndi ya dalaivala wanu. Disiki ili ndi ka memory kake kotchedwa cache. Mukatumiza lamulo lolemba la 0x30 n'kupereka deta, imatha kuzimitsa BSY deta ikadali mu cache, isanafike pambale. Magetsi akachoka, za mu cache zapita. Mankhwala ake ndi lamulo la FLUSH CACHE, 0xE7, kapena 0xEA pa disiki ya mabit 48. Mukalitumiza dikirani BSY izime ndipo onaninso ERR ndi DF, chifukwa kulephera kwa zolemba zam'mbuyo kumatha kutulukira pamenepa. Lamuloli limatha kutenga masekondi angapo, choncho lipatseni nthawi yokwanira.

Ena amalitumiza akangolemba sector iliyonse. Poyambira si zoipa, koma disiki imayenda pang'onopang'ono kwambiri. Chabwino n'chakuti dalaivala akhale ndi function yapadera ya flush imene file system, gawo losamalira mafayilo, ingaitane pa nthawi yoyenera: ilembe deta ya fayilo, iitane flush, kenaka ilembe zolozera kumene fayiloyo ili, iitanenso flush. Dongosolo limeneli ndi lofunika chifukwa disiki ili ndi ufulu wolemba za mu cache m'ndondomeko imene yafuna yokha. Popanda flush pakati, zolozera zimatha kufika pambale deta isanafike, ndiye magetsi akabwerera mupeza fayilo ili ndi dzina ndi kukula kwake koma mkati muli zinyalala. Musaiwalenso flush pozimitsa kompyuta. Komabe tinene poyera kuti lamuloli silingapulumutse zimene zinali m'njira pa mphindi yeniyeni imene magetsi azima. Kompyuta yosunga kaundula wa anthu kapena ndalama imafunikabe UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima.

ERR akabwera musangonena kuti zakanika, werengani 0x1F1 mumve chifukwa. ABRT, 0x04, kawirikawiri ndi vuto lanu: lamulo limene disiki silidziwa kapena manambala olakwika. IDNF, 0x10, ndiye kuti adiresi sinapezeke, mwina mwapitirira mapeto a disiki. UNC, 0x40, ndiye yodetsa nkhawa, chifukwa sector yalephera kuwerengeka ndipo disiki yakanika kuikonza. Yesaninso kawiri kapena katatu, zikakanika uzani amene anapempha detayo kuti yalephera. Kubweza buffer yodzaza ziro ngati zonse zili bwino ndi kunamiza mwini deta, ndipo ndi cholakwa chachikulu kuposa kuuma kwa kompyuta. Disiki ikakakamira pa BSY, yatsani bit ya SRST, 0x04, pa 0x3F6 kwa ma microsecond osachepera 5, izimitseni, n'kudikira BSY. Dziwani kuti izi zimayambitsanso madisiki onse awiri a pa mzerewo.

Kutentha kwa kwanuko si nkhani yamasewera. Mu Okutobala ndi Novembala chigwa cha Shire chimapitirira madigiri 40, pomwe madisiki ambiri anapangidwa kuti asapitirire 55 kapena 60, ndipo mkati mwa bokosi lodzaza fumbi mumatentha kuposa panja. Dalaivala wanu akhoza kuifunsa disiki. Ikani 0xD0 pa 0x1F1, 0x4F pa 0x1F4, 0xC2 pa 0x1F5, tumizani 0xB0, ndipo mulandira mabyte 512 a SMART, lipoti la disiki lonena za thanzi lake. Kuyambira byte yachitatu muli zigawo za mabyte 12 chilichonse, byte yoyamba ya chigawo ndi nambala yake. Pa madisiki ambiri 194 ndi kutentha, 5 ndi masector owonongeka amene asinthidwa kale, 197 ndi okayikitsa amene akudikira. Manambala a 5 ndi 197 akamakwera, samutsani deta lero lomwe.

FUNSO: Ndimaphunzitsa kompyuta pa sekondale ina ku Ngabu. Dalaivala amene tinalemba ndi ana amagwira mu QEMU, koma pa kompyuta yeniyeni akungoona 0xFF, chikhalirecho disiki ilimo.

YANKHO: Aphunzitsi, makina anuwo ali ndi SATA, kalumikizidwe ka madisiki kamene kanalowa m'malo mwa IDE, ndipo chip yake ili pa AHCI, njira ina yolankhulira ndi chip, imene siyankha pa 0x1F0. Makina ena ali ndi posankha IDE mu BIOS, ndipo mukasintha pamenepo dalaivala wa anawo agwira. Atsopano ambiri alibe mwayi umenewu. Fufuzani pa PCI kudzera pa 0xCF8 ndi 0xCFC. Class 0x01 ndi ya zosungira deta. Subclass 0x01 ndi IDE, 0x06 ndi SATA, ndipo 0x08 ndi ya NVMe, imene imafuna dalaivala wina wosiyaniratu. Mukayatsa Linux ya pa flash n'kulemba lspci -nn muona manambalawa mosavuta.

AHCI siigwiritsa ntchito inb ndi outb, malamulo owerengera ndi kulembera pa maport. Maregister ake ali mu memory, pa adiresi yolembedwa mu BAR5, imodzi mwa maregister a PCI a chipyo, ndipo malowo muwaike kukhala opanda cache. Yatsani bit 2 ya command register ya PCI kuti chip iloledwe kudzitengera yokha deta mu RAM. Ambiri amaiwala bit imeneyi n'kumadabwa kuti lamulo lapita koma buffer ili mbee. Yatsaninso bit 31 ya GHC, register yoyang'anira chip yonse, werengani register ya PI kuti mudziwe maport amene alipo, apa kutanthauza malo olumikizirapo madisiki, ndipo port iliyonse imayambira pa 0x100 kuwonjezapo 0x80 kuchulukitsa ndi nambala yake. Maregister oyamba ndi Px ndi a port iliyonse, ndipo mabit anayi apansi a PxSSTS akakhala 3 ndiye kuti chipangizo chalumikizika, ndipo PxSIG ikakhala 0x00000101 ndi hadi disiki.

Musanasinthe kalikonse imitsani port: zimitsani ST ndi FRE mu PxCMD, dikirani CR ndi FR zizime. Kenaka perekani command list ya mabyte 1024 yoyambira pa adiresi yogawika ndi 1024, malo olandirira FIS, timapaketi ta uthenga pakati pa chip ndi disiki, a mabyte 256 ogawika ndi 256, ndi command table yogawika ndi 128. Chotsani zolakwa zakale mu PxSERR polembamo ma 1, yatsani FRE, kenaka ST. Chosangalatsa n'chakuti zimene ana aphunzira kale sizitayika. Malamulo ndi omwe aja, 0xEC, 0xEA, ndi 0x25 powerenga kudzera pa DMA, njira imene chip imadziikira yokha deta mu RAM, kungoti tsopano amakulungidwa mu FIS ya mtundu 0x27. Mukayatsa bit ya slot yanu mu PxCI, chip imagwira ntchito yonse n'kuizimitsa ikamaliza. Podikira yang'ananinso bit 30 ya PxIS, imene imayaka lamulo likalephera.

Zinthu ziwiri zimagwetsa anthu apa. Chip imamva adiresi yeniyeni ya RAM, osati adiresi imene pulogalamu imaona paging ikayatsidwa, ndipo mukaipatsa yolakwika imalemba pamwamba pa kernel yanu osafunsa. Chachiwiri, mu PRDT, tebulo louza chip malo a deta mu RAM, kuchuluka kwa mabyte kumalembedwa kochotsera 1, kotero sector imodzi ndi 511.

Zonsezi yesani kaye mu QEMU poonjezera -machine q35, imene imabwera ndi AHCI ya ICH9. Pofuna kuona mmene akatswiri amathanirana ndi machip ovuta, werengani ahci.c ndi libahci.c mu drivers/ata ya Linux, pokumbukira kuti ili pansi pa laisensi ya GPL. Mukafika pa makina enieni, chotsanimo disiki ya sukulu n'kuikamo yakale yopanda ntchito, ndipo anawo ayambe ndi kuwerenga kokha. Lamulo lolemba alitsegule akatsimikiza kuti sector 0 ya disiki yoyatsira makina ikuthera ndi 0x55 ndi 0xAA, komanso kuti sector yomaliza ikuwerengeka popanda IDNF.