Kwa achemwali a ku Moatize: yambani ndi mabuku olembedwa ndi amayi eni ake

Achemwali, mwanena kuti mwana wanu atapezeka ndi otizimu (kapangidwe ka ubongo kamene kamachititsa munthu kucheza ndi anthu komanso kumva zinthu mosiyana ndi ena) munayamba kudziona nokha mwa iyeyo, ndipo mukufuna buku lokamba za amayi akuluakulu. Inenso ndinadzera njira yomweyo kuno ku Ulongwe. Mabuku ambiri omwe mungapeze ndi olangiza makolo a ana aang'ono, makamaka anyamata. Amenewo asiyeni kaye.

Ngati Chingerezi mumachimva, yambani ndi la Sarah Hendrickx lotchedwa Women and Girls with Autism Spectrum Disorder, lomwe linatuluka mu 2015. Mayiyu naye anadziwa za otizimu wake ali wamkulu kale, ndipo bukulo limatsata moyo wa mkazi kuyambira ku ubwana, unamwali, banja, kukhala ndi pakati, ntchito, mpaka ukalamba. Linandigwira mtima pa nkhani ya kubisa otizimu: kuonera momwe anzako akusekera, kuloweza malonje, kupirira phokoso la pa ukwati tsiku lonse, n'kukafika kunyumba mutu uli waa, osafuna kuyankhula ndi wina aliyense. Ine anthu ankanditcha wodzikuza. Apongozi ankati ndili ndi mwano. Sankadziwa kuti ndinkangokhala nditatheratu.

Lina ndi Aspergirls la Rudy Simone, la mu 2010. Ndi lopepuka kuwerenga, koma dzina loti Asperger, lomwe ankatchulira mtundu wina wa otizimu, lisakusokonezeni. Kuyambira 2013 madokotala ambiri amangoliphatikiza mu otizimu.

M'Chipwitikizi muli la Temple Grandin, Uma Menina Estranha, lomasuliridwa ku Brazil. Ndi mbiri ya moyo wake, osati buku la malangizo, koma ife a ku Angónia timamumva msanga poti ndi munthu wa ng'ombe, katswiri wokonza makola ndi njira zodutsamo ziweto.

Chenjezo langa ndi ili. Mabuku onsewa analembedwa ku England ndi ku America. Akamati chizindikiro china ndi kusayang'ana munthu m'maso, kumbukirani kuti kwathu kuno mtsikana woyang'ana pansi poyankhula ndi akulu amayamikiridwa kuti ndi waulemu. Mwana wachete, wosayendayenda, amati ndi wofatsa. N'chifukwa chake ambirife sitinadziwike. Powerenga muzidzifunsa za moyo wathu weniweni: pa maliro mumakhala bwanji usiku wonse m'nyumba yodzaza amayi? M'chapa (minibasi) yothinana, wailesi ili pamwamba, thupi limatani? Ine ndinkalemba zimenezi m'kope, ndipo kopelo linandithandiza kuposa mutu wina uliwonse wa m'buku.

Kupeza mabukuwa n'kovutirapo. Ine la Hendrickx ndinaligula pa Kindle, pulogalamu yowerengera mabuku a pa intaneti, n'kumawerengera pa foni. Ngati muli ndi m'bale ku Maputo kapena ku Blantyre, mutha kumupempha akuitanitsireni. Pa intaneti lembani "autismo em mulheres adultas" (otizimu mwa amayi akuluakulu) kapena "diagnóstico tardio" (kupezeka nawo mochedwa). Amayi a ku Brazil alemba zambiri, ngakhale zina n'zongofuna kukugulitsani maphunziro.

Buku silingakuuzeni motsimikiza kuti muli ndi otizimu. Mukadzafuna kudziwa zenizeni, pitani kwa a saúde mental (a zaumoyo wa m'maganizo) ku chipatala chachikulu mu mzinda wa Tete, kope lanu lija lili m'manja. Ndipo la Hendrickx musalithamangire. Ine mutu wokamba za sukulu ndinausiya sabata ziwiri ndisanathe kuupitiriza.