Yankho kwa amalume pa za sukulu ya Tadala

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Ulónguè? Pepani ndachedwa kuyankha. Dzulo ndinali ndi mayeso a ophunzira mpaka usiku, zala zatopa ndi kuchonga mapepala, ndiye ndati ndingojambula mawu. Enanu m'gulumu amene simufuna nkhani za sukulu, dumphani, sindikwiya.

Funso lanu ndalimva. Mwati Tadala akumaliza décima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, akuti akufuna kuchita zomwe ndimachita ine, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndine dokotala wa odwala kapena wa makompyuta, komanso ngati ntchitoyi imadyetsa munthu. Ndaseka pomwe mwati agogo amauza anzawo kutchalitchi kuti mdzukulu wawo ndi dotolo wamkulu ku Tete. Nchifukwa chake ndikabwera kumudzi anthu amandibweretsera mapepala a kuchipatala kuti ndiwaonere! Amalume, ine jakisoni sindinabayepo munthu chibadwire. Udokotala wanga ndi wa doutoramento, digiri yapamwamba ya kuyunivesite, wa kafukufuku. Odwala anga ndi manambala.

Ndifotokoze chonchi. Mukapita ku posto, chipatala chaching'ono chija, ndi malungo, enfermeira, nesi uja, amalemba m'buku lalikulu lija, livro de registo: dzina, zaka, mudzi, zomwe teste yaonetsa, mankhwala omwe wakupatsani. Mwezi ukatha amawerenga mizere yonse n'kulemba resumo, pepala limodzi. Pepalalo limapita ku distrito, kumeneko wina amalowetsa manambala mu SISMA, pulogalamu ya unduna wa zaumoyo. SISMA anaimanga pa DHIS2, yomwe likulu lake lili ku yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo ku Malawi amagwiritsanso ntchito DHIS2 yomweyo. Manambala amenewo ndi amene amauza akuluakulu ku Maputo kuti malungo avuta kuti, mankhwala a malungo a Coartem apite ochuluka kuti, makamaka nthawi ya mvula. Ntchito yanga ndi kufunsa kuti, kodi nambala yomwe yafika ku Maputo ndi yomweyo yomwe inachokera m'buku? Ngati yasintha panjira, yasinthira pati, ndipo chifukwa chiyani?

Pamene ndinkachita mestrado, digiri yachiwiri, ndinakhala milungu ingapo pa posto ina ya kumalire, dzina sinditchula. Ndinapita ndi mtima wa wapolisi, ndivomereze. Manambala a mu kompyuta anali ochepa kwambiri kuyerekeza ndi mzere wa anthu womwe ndinkauona m'mawa uliwonse, ndiye ndinkati nesiyu ndi waulesi. Koma mayiyo anali yekha. Sikelo ya ana inali yopachika pamtanda wa khonde, iye akuyeza mwana, akubaya katemera, akuthamangira m'kati kukaona mayi wodwala, cholembera chili m'tsitsi. Tsiku lachitatu anatsegula kabati n'kutulutsa makope awiri a ana a sukulu, aja a zikuto zofewa. Buku la boma linali litadzaza pakati pa mwezi, latsopano silinabwere, ndiye iye anagula makope ndi ndalama zake, n'kujambula mizere ndi rula, n'kumalemba odwala onse bwinobwino. Koma polemba resumo anauzidwa kuti aziwerenga za m'buku lovomerezeka zokha. Odwala a masabata awiri anangosowa, ngati sanadwalepo. Kenako mankhwala amabwera ochepa, anthu n'kumati anesi akugulitsa.

Ndipo anandifunsa funso lomwe mpaka lero limandizungulira m'mutu. Anati, mwananga, ine mapepalawa ndimatumiza mwezi ndi mwezi, kodi alipo amene amawawerenga? Chifukwa palibe amene anabwerako kudzandiuza kuti manambala ako akunena chakuti. Amalume, doutoramento yanga yonse inachokera pa funso la mayi ameneyo. Munthu amene saona phindu la nambala sangaisamale, ngakhale mutamugulira tabuleti yodula.

Kwathu kuno kulinso vuto lomwe a ku Maputo saliganizira, malire. Inu nomwe mukudziwa kuti munthu wa ku Calómuè akadwala amatha kungowolokera ku Dedza. Ali ndi kabuku ka chipatala ka ku Malawi, alinso ndi cartão ya kuno. Munthu wa TARV, womwa mankhwala a HIV, akasiya kubwera kuno timamulemba kuti abandono, wathawa mankhwala, pomwe iye akulandira bwinobwino tsidya linalo, mwina dzina analemba mosiyana pang'ono. Makompyuta a maiko awiriwa salankhulana. Apa ndi pomwe mwana ngati Tadala ali ndi chuma chomwe sakuchidziwa. Amalankhula chinenero cha anthu a mbali zonse ziwiri. Mnzanga wochokera kum'mwera akapita ku Tsangano kapena ku Domué amafuna womasulira, ine ndimangokhala pamphasa n'kuyamba kucheza.

Ndipo musaganize kuti Tete ndi malo olandira nzeru za ena basi. GAAC ija, magulu a anthu osapitirira 6 omwe amasinthana kukatengerana mankhwala a TARV mwezi uliwonse, inayambira kuno ku Tete mu 2008, a MSF, bungwe la madokotala opanda malire, pamodzi ndi azaumoyo a chigawo chino. Chomwe chinachititsa kuti unduna uikhulupirire n'kuifalitsa dziko lonse ndi choti panali anthu omwe ankalemba ndi kutsatira mosamala, n'kuonetsa ndi manambala kuti anthu a m'magulu sasiya mankhwala. Maiko ena anatengera pambuyo pake. Ophunzira anga ndimawauza nkhani imeneyi chaka chilichonse.

Tsono njira yake. Ndi yaitali, ndisakunamizeni. Poyamba licenciatura, digiri yoyamba, zaka 4. Khomo lake si limodzi: ena amalowera ku informática, ena ku estatística, ena ku unesi kapena saúde pública, makompyuta n'kudzaphunzira pambuyo. Kuno ku Tete kuli Instituto Superior Politécnico, kuli UniPúnguè, kulinso Faculdade de Ciências de Saúde ya UniZambeze. Ya ku Ulónguè ija ndi ya zaulimi, ndiye asaganize kuti azigona pakhomo. Ku Maputo kuli Eduardo Mondlane. Akatero mestrado, zaka 2, kenako doutoramento, zaka 3 kapena 4 ngati zinthu zayenda bwino, ndipo kawirikawiri siziyenda bwino. Mukaphatikiza ndi zaka pafupifupi 10, osawerengera zodikira bolsa, thandizo lolipirira maphunziro. Ine ndinadikira zaka ziwiri, ndikulemba makalata, akundikana, ndikulembanso.

Pa yunivesite umayamba ngati assistente. Kuti ukhale professor auxiliar pamafunika doutoramento, pamwamba pake pali associado, kenako catedrático, omwe m'dziko muno ndi owerengeka. Kukwera kwake sikudalira kuphunzitsa bwino kokha, amawerenga zomwe wasindikiza m'magazini a kafukufuku, ndipo ambiri mwa magaziniwo ndi a Chingerezi. Ndiye Tadala asanyoze Chingerezi chomwe amamva pa wailesi za ku Malawi, achilimbikire kuyambira pano. Masamu nawo asawathawe. Komanso kafukufuku aliyense wokhudza odwala amayenera kaye kuvomerezedwa ndi komiti ya bioética, ndipo pamenepo umadikira miyezi. Nchifukwa chake, azakhali, paja munandipempha kuti ndikuonereni mu kompyuta ngati uje akumwa mankhwala, ndinakana. Si mwano, zinsinsi za odwala ndiye mutu wa ntchito yathu.

Za ndalama. Imadyetsa, koma siilemeretsa. Malipiro a boma amakwana lendi, chakudya ndi fizi ya ana, galimoto yanga mumaidziwa, imalira ngati chigayo. Mnzanga yemwe tinamaliza limodzi licenciatura anapita ku migodi ya malasha ku Moatize, anamanga nyumba ine ndikadali pa benchi. Ndalama zoonjezera zimabwera ndi mapulojekiti a mabungwe akunja, koma amenewo ndi mvula ya chizimalupsa, sungadzalire chimanga. Munaona kumayambiriro kwa 2025 thandizo la ku America litadulidwa, anyamata ndi atsikana ambiri omwe ankalowetsa manambala m'zipatala anangouzidwa kuti mawa musabwere. Ena anali ophunzira anga.

Kuphunzitsako kuli ndi zake. Pali makalasi a pós-laboral, a anthu ogwira ntchito masana, amabwera atatopa, kutentha kwa Tete kwa mwezi wa Okutobala, magetsi n'kuzima pakati pa phunziro ife tili pafupi ndi Cahora Bassa, tingoseka. Koma pali tsiku lomwe foni imalira, mnyamata yemwe ndinkamukalipira chifukwa chokopera ntchito ya mnzake akuti, professora, ndili ku distrito, manambala a matenda otsekula m'mimba a posto ina akwera modabwitsa sabata ino, ndawaimbira kale akuluakulu. Tsiku limenelo ndinadya nsima yambiri.

Ndiye chomwe ndikupempha ndi ichi. Musamugulire laputopu panopa, musagulitse ng'ombe. Akamaliza mayeso mumukweze chapa abwere kuno akhale nane sabata ziwiri. Ndikamutengera ku posto tsiku la sikelo, akaone mzere ndi mmene anesi amagwirira ntchito. Mabuku enieni a odwala sangawagwire, koma kunyumba ndili ndi ophunzitsira opanda mayina, ndimupatsa awerenge mizere 300 ndi pensulo n'kulemba resumo yake. Akadzuka m'mawa n'kundifunsa kuti bwanji manambala sakugwirizana, ndidziwa kuti ndi wathu, tiyamba kuona za mayeso olowera. Akati mutu ukupweteka, palibe mlandu, mwina mtima wake uli pa kugwira odwala enieni, tikambirana za unesi kapena medicina.

Komanso Tadala, ndikudziwa uli m'gulumu ukumvera. Unditumizire uthenga wako iwe mwini, usamatume abambo ako. Amalume, akamabwera mumupatsire kathumba ka kachewere, wa kuno kumsika wa Kwachena wadula moti ndikungomuyang'ana. Mupereke moni kwa agogo, muwauze kuti udotolo wa kutchalitchi uja aupitirize, sindiwatsutsa.