Musathamangire kupotoza tisikuluwu ta diso la PS2 yanu

Achimwene, ndaona funso lanu. Mwati PlayStation 2 (PS2) yanu yaikulu ija ikumazunguliza disiki pang'ono kenako n'kulemba Disc Read Error, ndipo wina wakuuzani kuti mupotoze tisikuluwu ta pa laser, diso lowerenga disiki lija, kuti liwonjezere mphamvu. Dikirani kaye. Ntchito imeneyo ndi yomalizira, osati yoyambira.

PS2 inatuluka mu 2000, yaing'ono yopyapyala ija inabwera mu 2004, ndiye kuti yanuyo yadutsa zaka 20 fani yake ikukoka fumbi. Inu mukudziwa mmene fumbi limachitira ku Ndirande kapena ku Bangwe mu Okutobala. Ine ndinatsegulapo ina n'kupezamo mazira a mphemvu pambali pa mota, galasi la diso litachita mbuu ngati zenera la minibasi. Nditapukuta inayamba kuwerenga pomwepo.

Choncho zulani kaye pulagi kukhoma, chifukwa yaikuluyo magetsi amalowa mkati mwenimweni. Pochotsa chivundikiro musakoke mwamphamvu, pali kalamba kopyapyala kopita ku mabatani a power ndi eject, kamaduka msanga. Tengani kathonje ka m'khutu, munyowetse pang'ono ndi isopropyl alcohol (spiriti woyera wopukutira zipangizo zamagetsi), mupukute galasilo mopepuka ngati mukuchotsa chitsotso m'diso la mwana. Spiriti wofiirira wa m'magolosale uja ayi, amasiya utoto. Muonenso tizitsulo timene diso limayendapo: girizi akauma, limakakamira panjira, munthu n'kumati laser yafa pamene ili bwinobwino.

Musanagule kanthu, yesani madisiki osiyanasiyana. Diso limeneli limawerenga CD ndi DVD ndi kuwala kosiyana, ndiye mbali imodzi imatha kufooka ina ikadali moyo. Magemu a PS2 obiriwira ngati mtambo kunsi kwake ndi a CD, asiliva ndi a DVD, akuda ndi a PS1. Ikamawerenga CD ya nyimbo koma n'kukana DVD, mwadziwa mbali yodwala. Magemu akuluakulu a magawo awiri monga God of War ndi Gran Turismo 4 ndi amene amayamba kuvuta diso likatopa. Madisiki okopera nawonso amalivutitsa kuposa oyambirira.

Tsopano za tisikuluwu tija. Tilipo tiwiri kunsi kwa diso, kena ka CD, kena ka DVD. Mukachepetsa ma ohm, muyezo wa mmene kasikuluwu kakutchingira magetsi, laser imalandira mphamvu yambiri. Vuto lake n'lakuti kupotoza pang'ono chabe kumasintha nambala kwambiri. Ine ndinaotchapo langa chifukwa chongopotoza mwa chiyerekezo. Linagwira sabata imodzi, kenako zii. Ngati mulibe multimeter, kachipangizo koyezera ma ohm, musakhudze. Ngati muli nayo, lembani papepala nambala imene mwaipeza, tsitsani pang'onopang'ono, muziyesa disiki nthawi iliyonse, ikangowerenga musiyire pomwepo. Dziwaninso kuti uku n'kukwapula ng'ombe yotopa, ngolo ifika koma osati kutali. Ndipo musasuzumire m'galasimo makina ali oyaka, kuwala kwa mbali ya CD sikuoneka bwino koma kumapweteka maso.

Zikakanika, gulani diso lina. Onani nambala yolembedwa pa lakalelo, zikuluzikulu zambiri zimakhala KHS-400B kapena KHS-400C, zopyapyala zina SPU-3170 kapena PVR-802W, ndipo simungangosinthanitsa mwachisawawa. Nyamulani lakalelo popita kwa okonza mawailesi ndi ma DVD ku Limbe, kapena mutumize chithunzi chake kwa amene amaoda katundu ku Johannesburg. Chimodzi chimene chimapusitsa anthu ambiri: diso latsopano limabwera ndi kadontho ka solder (mtovu wowotcherera mawaya) kolumikiza timizere tiwiri, koteteza kuti lisapse panjira. Mukapanda kukasungunula ndi soldering iron, siliyaka n'komwe. Mnzanga wina anakabweza kwa wogulitsa, mpaka kukangana, pamene vuto linali kadontho kameneka.

Kunena zoona, yanga ndinasiya kuivutitsa ndi madisiki. Popeza yanu ndi yaikulu, mungaike network adapter ndi hard drive kumbuyo, n'kupeza memory card ya Free McBoot, yolola PS2 kutsegula mapulogalamu ena, magemu anu muziwatsegula pa hard drive ndi pulogalamu ya Open PS2 Loader. Pa fulashi zimathekanso, koma USB yake ndi ya 1.1, makanema a m'gemu amadukaduka. Pukutani kaye diso lija, mutiuze kuti ndi madisiki ati amene ikukana.