Kwa achimwene a ku Namwera: za nguluwe ndi mfuti ya gogodela imene agogo anasiya

Achimwene, mwalemba kuti nguluwe zikukutherani chinangwa m'munda mwanu cha ku Namwera, kuti malemu agogo anu anasiya mfuti ya gogodela imene yakhala kudenga zaka zambiri, ndipo mukupempha alenje a m'gulu lino kuti akuphunzitseni kuombera kuti muzikazidikirira usiku. Ndawerenga mayankho amene afika kale, ndipo ambiri akukulimbikitsani kuti muitsitse mfutiyo, muipukute ndi mafuta, mukayesere pa mtengo wa mlambe. Ine ndikuyankhani mosiyana nawo, osati chifukwa chopeputsa vuto lanu, pakuti ndikudziwa mmene mtima umawawira munthu akalawira kumunda n'kupeza mizere itafukulidwa ngati mwadutsa makasu khumi. Ndinakulira m'banja la alenje kufupi ndi Phirilongwe, ndinanyamulira amalume anga thumba la wonga kuyambira ndili mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zimene ndinaona m'tchire ndi zimene zikundichititsa kukupemphani kuti mfutiyo musapite nayo kumunda.

Ndiyambe ndi mfuti yeniyeniyo, chifukwa ngozi yake ili m'nyumba mwanu kale ngakhale musanaganize za nguluwe. Alenje akale ambiri ankasunga mfuti ya gogodela ili yothira kale wonga ndi chipolopolo, kuti chilombo chikalowa m'khola usiku asataye nthawi. Mfuti yotere ukaiyang'ana kunja sungadziwe ngati muli kanthu kapena mulibe, ndipo wonga wouma bwino umatha kuyaka ngakhale patapita zaka zambirimbiri. Choncho muitenge ngati yodzaza, musasuzumire kukamwa kwake, musailoze kwa munthu ngakhale mongocheza, ndipo ana asaifikire. Chachiwiri n'chakuti chitsulo chimene chakhala kudenga chikumwa utsi ndi chinyezi cha dzinja chimadyeka ndi dzimbiri cham'kati, kumene nsanza yanu ya mafuta singafike. Mukathiramo wonga, makamaka wopanga pakhomo umene mphamvu yake palibe amene anaiyeza, mpope wa mfutiyo ukhoza kuphulika m'manja mwanu. M'mudzi mwathu munali bambo wina amene anatsala ndi zala ziwiri kudzanja lamanzere chifukwa cha zimenezi, ndipo anali mlenje wodziwa ntchito yake, osati wophunzira ngati inu.

Tsono tinene za luso loombera limene mwafunsa. Achinyamata ambiri amaganiza kuti mlenje ndi munthu wolunjika, woti akaloza saphonya. Kulunjika n'kofunika ndithu, koma pa zonse zimene amalume ankandiphunzitsa, kukoka kachitsulo kowombera kunali komalizira ndiponso kochepetsetsa. Chaka choyamba chonse sanandilole kugwira mfuti. Ntchito yanga inali kuwerenga pansi: kusiyanitsa mapazi a gwape ndi a mbawala, kudziwa ngati ndowe ndi za usiku womwewo kapena za dzana poziphwanya ndi kamtengo, kuona udzu umene mame ake agwedezeka ndi umene sunakhudzidwe, kumvetsera kulira kwa anyani ndi nkhwali n'kudziwa kuti kutsogoloko kukuyenda chinthu. Ankayenda ndi kathumba ka phulusa, ndipo pakapita kanthawi ankakagwedeza pang'ono kuti aone kumene mphepo ikulowera, chifukwa nyama imakununkhiza usanaione. Miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, mphepo imabwera molimba kuchokera kummwera ndipo mlenje amadziwa mbali yoti adzere; koma mu Okutobala, dzuwa likatentha, kamphepo kamangozungulira m'zigwa, ndipo tsiku lotero amalume ankangobwerera kunyumba osataya wonga wawo. Akuluakulu ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ulenje wonse wagona pamenepo.

Lamulo lalikulu limene ankalibwereza mpaka kunditopetsa linali lakuti usaombere chinthu chimene sunachione chonse, mutu ndi thupi lomwe, komanso usanadziwe chimene chili kuseri kwake. Lamulo limeneli ndinaliona likuswedwa kamodzi, ndipo sindidzaiwala. Tinali pa uzimba wa mudzi wonse m'chilimwe, amuna atandanda mzere, agalu ali patsogolo, anyamata tikukuwa ndi kumenya tchire ndi zibonga. Bambo wina amene anali atangogula mfuti anaona tsekera akugwedezeka ndipo anaombera osadikira kuti chituluke. Chimene chinali m'tsekeramo anali mlamu wake, amene anawerama kuti amasule galu wokodwa m'khwekhwe. Tinamunyamula pa machira a mitengo ndi luzi mtunda wautali kukafika pamsewu, anachira, koma mwendo sunawongokenso mpaka imfa yake, ndipo mabanja awiriwo sanadyerenso mbale imodzi. Izi zinachitika masana, dzuwa likuswa mtengo. Inu mukunena za usiku, m'munda wa chinangwa chotalika kufika m'chifuwa, m'dera limene anthu amadutsa m'minda pochokera ku msika kapena ku maliro, ndiponso kumene mnzanu wa munda woyandikana nawo akhoza kubwera kudzalondera mbewu zake osakuuzani.

Muganizirenso za nyama imene mukufuna kulimbana nayoyo. Nguluwe si njiri. Njiri imayenda masana, ikadzidzimuka imaimika mchira n'kuthawira kuuna, kumene imalowa chambuyo. Nguluwe imayenda usiku, kawirikawiri m'gulu, maso ake saona patali koma mphuno ndi makutu ake n'zakuthwa kwambiri, ndipo mano ake a m'munsi amacheka ngati mpeni. Ikavulala siithawa nthawi zonse. Imatha kutembenuka n'kulunjika kumene kwachokera phokoso, ndipo yaikazi yokhala ndi ana ndiye siifuna n'kuputidwa komwe. Mfuti ya gogodela imalira kamodzi kokha, kenaka umafunika kuthiranso wonga, kutsendera, kuika chipolopolo, zonsezo mumdima manja akunjenjemera, utsi utakutseka m'maso. Nthawi zina wonga ukachita chinyezi mfuti imayamba yakhala chete, munthu n'kuitsitsa poganiza kuti yakana, kenaka n'kulira mochedwa italoza kwina. Alenje akale akamapita kwa nguluwe sankapita okha. Pambali pa wamfuti pankaima wina wa mkondo, ndi agalu ozolowera, ndipo ngakhale zinali choncho agalu ambiri ankabwerako matumbo ali panja. Ndiwonjeze pano, popeza ena mwa owerenga amaweta nkhumba, kuti nguluwe ndi njiri zimasunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba izo zosadwala, motero nyama yake kuibweretsa pakhomo pamene pali khola n'kuika chiweto chonse pa ngozi. Kwa abale athu achisilamu, amene ndi ochuluka kuno ku Mangochi, nyamayi siidyedwa n'komwe, ndiye phindu la kuipha ndi kuteteza munda basi, ndipo munda uli ndi njira zina zoutetezera.

Za malamulo sindingazilumphe, ngakhale ndikudziwa kuti ena m'gulu lino sakonda kuzimva. Kusunga mfuti popanda chilolezo cha ku polisi ndi mlandu, ndipo mfuti siilowa m'manja mwa mdzukulu ngati mmene limalowera khasu kapena njinga ya malemu. Chilolezo chimakhala cha munthu, ndipo mwini wake akamwalira nkhaniyo imayenera kukafika ku polisi. Kusaka nakonso kuli ndi chilolezo chake chochokera ku nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka, chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Inu a ku Namwera muli pakati pa nkhalango ziwiri zotetezedwa, ya Namizimu ndi ya Mangochi, ndipo ya Mangochiyo kuyambira mu 2018 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks, lomwe linayamba kusamalira malo osungirako nyama a Liwonde mu 2015. Munthu wopezeka ndi mfuti usiku kufupi ndi malire a nkhalango zimenezi adzavutika kwambiri kufotokoza kuti amangolondera chinangwa.

Ena akulangizani kuti ngati mfuti mukuiopa mutchere makhwekhwe a waya m'njira za nguluwezo. Apa ndiye ndikukana ndi mtima wanga wonse. Khwekhwe silisankha: limagwira mbuzi ya mnansi, galu, gwape wa bere, mwendo wa mwana wopita kukatola masuku, ndipo nyama yokodwa imafa pang'onopang'ono waya akudya mnofu masiku angapo. Ku Liwonde kokha achotsako misampha ya waya yoposa 40,000 chiyambire 2015, ndipo aliyense amene anaonapo njovu yoduka chitamba chifukwa cha waya amene anatcherera mbawala sangautchule msampha umenewu kuti ndi ulenje. Amalume anga ankatcha anthu otchera waya kuti akuba a m'tchire, ndipo sankakhala nawo pamoto umodzi pogawana nyama. Chimodzimodzinso kutentha tchire pofuna kutulutsa nyama: mbewa zochepa zimene anyamata amagwira pa lupsa sizingalipire udzu wofolerera nyumba, mitengo ing'onoing'ono ndi ming'oma ya njuchi imene imapsa tsiku limodzi.

Ndikamanena zimenezi musaganize kuti ndikunyoza ulenje wa makolo athu. Ndimaukumbuka ndi chisoni chenicheni: kucheza kwa pamoto usiku wokonzekera uzimba, mwambo wakuti nyama ndi ya amene wayamba kuilasa ngakhale aimalize ndi wina, mwendo wopita kwa wothandiza, gawo lopita kwa amfumu, ndi kachidutswa kosaiwalika ka nkhalamba imene sikanatha kuyenda nawo. Koma tchire limene linkadyetsa mwambo umenewo latha ife tikuona. Kumene tinkakumana ndi mphalapala ndi ngoma lero kuli minda ndi mauvuni a makala. Kwathu ku Phirilongwe anthu ndi njovu anafika polimbirana malo mpaka miyoyo kutayika mbali zonse ziwiri, ndipo mu 2009 njovu 83 zinanyamulidwa pa magalimoto kupita ku Majete, m'boma la Chikwawa. Tsiku limene zinkachoka anthu ambiri anasangalala, ndipo anali ndi chifukwa chomveka, koma ine ndinadziwa kuti adzukulu anga sadzaonanso phazi la njovu m'dambo la kwawo.

Nanga chinangwa chanu chitetezedwe bwanji? Nguluwe ndi nyama yochenjera koma yosakonda kuvutikira chakudya, ndipo imabwerera kumene inadya mwamtendere. Yambani mwayendera malire a munda m'mamawa kuti mupeze pamene zimalowera, chifukwa zimakonda kudzera malo amodzimodzi, makamaka mbali yoyang'ana kumtsinje kapena kunkhalango. Mbali imeneyo kumbani ngalande yakuya ndi yotakata, ya makoma oongoka, dothi lake muunjike cham'kati mwa munda, ndipo pamwamba pa mtumbirawo mubzale khonje kapena muikepo minga yothithikana. Lambulani tchire lozungulira munda kuti pakhale poyera, pakuti nguluwe siikonda kudutsa pambalambanda. Mangani nsanja yolonderapo yotalika bwino, ndipo mugwirizane ndi eni minda yoyandikana nanu kuti muzilondera mosinthana, chifukwa munthu mmodzi sangachezere usiku uliwonse mpaka chinangwa kukhwima. Zitini zomangirira pa chingwe chimodzi chofika pansanja, tochi yowala kwambiri, moto m'ngodya za munda ndi agalu awiri okuwa zimathandiza, koma muzisinthasintha malo ake pakapita masiku angapo, apo ayi nguluwe zimazolowera n'kumadya pafupi ndi chitini chomwecho. Chinangwa chimene chakhwima musachisiye m'munda nthawi yaitali. Kumbani, mupange makaka, musunge pakhomo.

Vuto likapitirira, kauzeni amfumu ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ndipo pamodzi mukadziwitse akuluakulu oona za nyama zakutchire, chifukwa kuthana ndi nyama zowononga mbewu ndi gawo la ntchito yawo, ndipo dandaulo la mudzi wonse limamveka msanga kuposa la munthu mmodzi. Za mfutiyo, pitani kaye ku polisi chimanjamanja pamodzi ndi amfumu kapena mkulu wa banja lanu, mukafotokoze kuti malemu anasiya mfuti, ndipo iwo akuuzani mmene ingachokere pakhomopo. Musayende nayo pamsewu kapena kukwera nayo minibasi musanawadziwitse.

Chomaliza chimene ndikupempheni n'chakuti mawa m'mamawa, dzuwa lisanaumitse nthaka, mujambule mapazi ndi malo ofukulidwawo, muike bokosi la machesi pambali kuti tione kukula kwake, ndipo mutumize zithunzizo m'gulu lino. Nungu nayenso amakumba chinangwa usiku, ndipo alimi ambiri amanamizira nguluwe pa mlandu wa nungu. Nguluwe imasiya ziboda ziwiri zogawanika ndipo imatembenuza dothi malo aakulu ndi mphuno yake, pamene nungu amakumba kadzenje pa phata limodzilimodzi, amasiya chinangwa chotafunidwa ndi mano akutsogolo, ndipo nthawi zambiri pamakhala munga wake umodzi kapena iwiri yakuda ndi yoyera itagwera pafupi. Ndikaona zithunzizo ndidzakuuzani nyama imene ikukuvutitsani, ndi mbali ya munda imene muyenera kuyambira kukumba ngalande.